Msana wa wonyamula matumba ndi udindo wa womulemba ntchito

Kuyambira mwezi wa Epulo mpaka cha mu Ogasiti, pafupifupi chilichonse chimene chimabweretsa ndalama m'boma la Kasungu chimayamba chasenzedwa ndi munthu. Mabelo a fodya opita ku msika wa Chinkhoma, matumba a soya, mtedza ndi chimanga ochokera ku Santhe, ku Chamama ndi ku Chulu, kenako feteleza wa dzinja lotsatira, zonsezi zimakwezedwa pa lole ndi kutsitsidwanso ndi manja, mapewa ndi mitu ya anthu. Thumba limodzi limalemera makilogalamu 50, ndipo belo la fodya lodindidwa bwino pa jeke limalemera pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ine ndimasunga mabuku a malipiro pa kampani ina yaing'ono yogula mbewu pano pa boma, choncho ndimaona mayina a anthu amene sanabwere ku ntchito pamodzi ndi zifukwa zimene apereka. Malungo ndi maliro tinazolowera, ndipo tinakonza njira yothandizira pa zonse ziwiri. Koma zifukwa zimene zimabwerera kawirikawiri pa mayina omwewo ndi msana, chiuno, phewa ndi bondo, ndipo pa zimenezi makampani ambiri ofanana ndi yathu alibe chokonzekera chilichonse kupatula mapiritsi opha ululu amene amasungidwa m'kabati ya akapitawo.

Maganizo anga ndi akuti mafizo, thandizo la kuchipatala lolimbitsa ndi kuwongola ziwalo za thupi, ayenera kulembedwa pakati pa zinthu zimene wogwira ntchito amalandira kuwonjezera pa malipiro, pambali pa penshoni, tchuthi ndi thandizo la maliro. Ndi mwambo wabwino kuti kampani igule bokosi ndi kupereka galimoto pamene wantchito wamwalira, ndipo sindikufuna kuti mwambowu uthe. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ndalama za bokosi zimapezeka tsiku lomwelo popanda kukangana, pamene ndalama zoti munthu wamoyo akaonedwe phewa lake lisanaumiretu zimafuna misonkhano. Komabe kulemba mawu akuti mafizo pa pepala la mgwirizano wa ntchito sikokwanira, chifukwa kwa ife okhala kuno chimene chimalepheretsa munthu kuchira nthawi zambiri si mtengo wa thandizolo koma ulendo wokafika kumene thandizolo lili, ndiponso tsiku la ntchito limene amataya popita kumeneko.

Anthu ambiri amaganiza kuti mafizo ndi kutikita thupi, kapena kuti ndi thandizo la anthu okhawo amene anafa ziwalo chifukwa cha sitiroko. Zimene ndinaona nditaperekeza mlamu wanga, amene amanyamula katundu pa sitolo ina ya zipangizo zomangira, zinali zosiyana ndi zimenezi. Ululu wake unkayambira m'chiuno n'kutsikira kumbuyo kwa ntchafu, ndipo m'mawa ankavala nsapato atakhala pansi chifukwa sankatha kuwerama. Katswiri wa mafizo, mayi wachitsikana, anayamba ndi mafunso. "Bambo, ululuwu umakula mukawerama kapena mukaima nthawi yaitali? Nanga mukatsokomola umalasa mpaka kumwendo?" Kenako anamuyendetsa ndi zidendene, n'kumuyendetsanso ndi zala za kuphazi, anamugoneka chagada n'kukweza mwendo uli wowongoka kuti aone pamene ululu ukuyambira, ndipo anamukhudza ndi thonje pamwamba pa phazi kuti adziwe ngati pali dzanzi. Pomaliza anamupatsa katoni yopanda kanthu n'kumuuza kuti ainyamule monga momwe amanyamulira thumba la simenti. Mlamu wanga anawerama miyendo ili chiimire, n'kupotoza chiuno pokweza, ndipo mayiyo anangogwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chimene amafuna.

Atamuonetsa zoyenera kuchita kunyumba, monga kugona chafufumimba n'kukweza chifuwa atatsamira zigongono, kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse ndi kupinda mawondo ponyamula katundu, mlamu wanga anafunsa mokhumudwa kuti, "Adokotala, ndiye jekeseni palibe?" Anamuyankha kuti jekeseni angatontholetse ululu kwa maola angapo, koma amene angalimbitse minofu ya msana ndi iye mwini, ndipo ayenera kubweranso kuti aone ngati zimene wapatsidwa zikuthandiza kapena zikufunika kusinthidwa. Kubwereranso kumeneko ndiko kumasiyanitsa mafizo ndi thandizo lina limene tinazolowera. Malungo ukayezetsa n'kulandira LA, ulendo umodzi umakwana. Mafizo amafuna kuti munthu apite, abwerenso, apitenso, kwa milungu ingapo kapena miyezi, ndipo amene wapita kamodzi n'kuleka amakhala ngati sanapite.

Vutoli si la ku Kasungu kokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti kupweteka kwa msana wa m'munsi ndi chinthu chimene chimalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito zawo kuposa matenda ena onse padziko, ndipo mu 2020 anthu pafupifupi 619 miliyoni anali ndi vutoli, chiwerengero chimene chikuyembekezeka kufika 843 miliyoni pofika 2050. Mwa anthu 10 alionse odwala msana, pafupifupi 9 sapezeka ndi fupa lothyoka kapena matenda ena odziwika amene angalozedwe kuti ndiwo gwero, n'chifukwa chake ambiri amabwerako ku ekisileyi atauzidwa kuti sipakuoneka kanthu pamene iwo akumva ululu weniweni. Mu Disembala 2023 bungwe lomweli linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka msana wopweteka kwa nthawi yaitali, ndipo m'malangizomo limalimbikitsa kuphunzitsa wodwala za vuto lake ndi kumupatsa ndondomeko yolimbitsira thupi, pamene silivomereza malamba omanga m'chiuno aja amene ena amagula poganiza kuti achiritsa msana.

Chimene chimachitika m'malo athu a ntchito n'chosiyana kwambiri ndi malangizowa. Munthu akamva msana amagula bufeni, indosidi kapena diclofenac pa golosale, n'kumwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu kuti apirire mpaka lole yomaliza itadzaza. Mankhwalawa ali ndi ntchito yake akamwedwa kwa masiku ochepa motsatira malangizo a kuchipatala, koma kuwamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumabweretsa zilonda za m'mimba ndipo kumawononga impso, makamaka kwa munthu amene akutuluka thukuta padzuwa osamwa madzi okwanira. Ena amapita kukatemera mphini pamsana, ena amathowa ndi madzi otentha usiku. Kuthowa sikolakwika ndipo kumapepuza ululu, koma m'mawa thumba likadali makilogalamu 50 ndipo munthu akulinyamula monga analinyamulira dzulo.

Malamulo a dziko lino amafika pena n'kulekezera pena. Lamulo la Employment Act la 2000 limapatsa munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza tchuthi chodwala cha milungu 4 pa malipiro athunthu ndi milungu 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, malinga atabweretsa kalata ya kuchipatala. Lamulo la Workers' Compensation Act la chaka chomwecho limaika pa wolemba ntchito udindo wa chipukuta misozi pamene munthu wavulala akugwira ntchito, ndipo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limafuna kuti malo a ntchito akhale otetezeka. Munthu akagweredwa ndi belo n'kuthyoka mwendo, tsiku lake limadziwika, mboni zilipo, ndipo nkhani imatha kukafika ku ofesi ya zantchito. Koma msana umene wakhala ukutha pang'onopang'ono kwa nyengo zingapo za malonda ulibe tsiku la ngozi, ndipo n'kovuta kuti wonyamula matumba atsimikizire aliyense kuti vuto lake linachokera pa ntchito osati ku munda kwake. Kuika antchito pa sikimu ya zachipatala ndi chisankho cha kampani. Choncho wolemba ntchito amene amangotsatira zimene lamulo lamukakamiza amalipira munthu kuti agone kunyumba milungu 4, koma salipira chilichonse choti munthuyo adzuke.

Wosunga mabuku ngati ine amaona ndalamazi zikutuluka ngakhale kuti sizilembedwa pa mzere wa zachipatala. Zimatuluka monga malipiro a munthu amene sanagwire ntchito, monga ganyu wa amene walowa m'malo mwake, monga lole imene yagona pabwalo chifukwa onyamula anachepa, ndiponso monga ngongole ya pakati pa mwezi imene wodwalayo amapempha kuti akagule mankhwala. Wonyamula wodziwa ntchito, amene amatha kusanja matumba m'nkhokwe kuti mulu usapendekeke, sapezeka tsiku limodzi. Ndipo vutoli si la onyamula okha. Madalaivala a malole amakhala pampando maola ambiri m'misewu ya fumbi yokumbika, amayi osankha mtedza amakhala pansi miyendo itatambasulidwa, khosi litawerama kuyambira m'mawa mpaka madzulo, makalaliki amawerama pa kompyuta atakhala pa mipando yopanda chotsamira, ndipo anyamata ogula mbewu kumidzi amayenda pa njinga zamoto, kumene kugwa n'kuthyoka mkono si nkhani yachilendo. Mkono ukatuluka m'chikhakha umakhala wouma ndi woonda, ndipo popanda mafizo chigongono chimatha kukhala chosawongoka ngakhale fupa litalumikizana bwino.

Wina angafunse kuti kampani ilipiriranji pamene zipatala za boma sizilipiritsa. Ndi zoona kuti thandizolo ndi laulere, koma akatswiri ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu ofuna thandizo. Maphunziro a digiri ya mafizo m'dziko muno anayamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo chaka chimenecho chisanafike Mmalawi wofuna ntchitoyi ankayenera kukaphunzira kunja. Kwa zaka zambiri mtolowu unasenzedwa kwambiri ndi bungwe la MAP, limene linayamba ndi dzina lakuti Malawi Against Polio kenako n'kukhala Malawi Against Physical Disabilities, kudzera ku malo ake a Kachere ku Blantyre ndi othandizira akatswiri amene linawaphunzitsa. Zinthu zikusintha chifukwa achinyamata akumaliza maphunzirowa chaka ndi chaka, koma ambiri mwa iwo ali m'mizinda ikuluikulu. Katswiri amene ali pa chipatala cha m'boma amayenera kuyamba ndi odwala sitiroko, ana opuwala ubongo ndi anthu ochokera ku opaleshoni, ndipo n'zomveka kuti wonyamula matumba amene akuyenda yekha aikidwe kumapeto kwa mzere.

Ndiye taganizirani munthu wogwira ntchito pa depoti ya kampani ku Chatoloma kapena ku Nkhamenya amene wauzidwa kuti azibwera ku mafizo mlungu uliwonse. Ayenera kukwera kabaza mpaka pa msewu wa M1, kenako minibasi mpaka pa boma, kudikira pamzere, n'kubwerera dzuwa litapendeka. Ngati watumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene kulinso chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma, ndipo msana wodwala sukondwera ndi mpando wa minibasi yodzaza. Ulendo woyamba munthu amapita chifukwa ululu wamukakamiza. Wachiwiri amakongola ndalama. Ukafika wachitatu, ululu utachepako pang'ono, amawerenga ndalama za thiransipoti ndi tsiku la ntchito limene ataye n'kuona kuti bufeni ndi wotchipa. Apa ndi pamene wolemba ntchito angathandize kwambiri ndi ndalama zochepa, pobweza ndalama za ulendo munthu akabweretsa buku lake la kuchipatala losainidwa, ndiponso powerenga tsiku la mafizo ngati tsiku la ntchito osati kulidula pa tchuthi kapena pa malipiro. Kampani imene yachita ziwirizi yapereka mafizo enieni ngakhale isanalipire katswiri aliyense.

Makampani okulirapo amaika antchito awo pa sikimu monga ya MASM kapena ina, ndipo ndi chinthu chabwino. Langizo langa kwa amene amasaina mapepalawo n'lakuti awerenge bwino gawo la mafizo asanasankhe: ngati alimo, malire a ndalama kapena a maulendo pa chaka, ngati pakufunika kalata ya dokotala munthu asanapite, ndiponso ngati pali katswiri wolandira khadi la sikimuyo amene wantchito angamufikire osagona panjira. Khadi limene limagwira ntchito ku Lilongwe kokha limathandiza amanijala amene ali ndi galimoto. Chovuta chachikulu n'chakuti amene amalembedwa pa sikimu nthawi zambiri ndi a muofesi ndi madalaivala, pamene amene amasenza katundu ndi aganyu a nyengo, olipidwa potengera matumba amene anyamula. Kwa iwowa tsiku la kuchipatala ndi tsiku lopanda ndiwo kunyumba, ndipo iwo ndi amene misana yawo ili pangozi kuposa tonsefe.

N'chifukwa chake njira imene ndimaiona kuti ikuyenera malo ngati athu ndi yobweretsa katswiri ku malo a ntchito m'malo motumiza odwala mmodzimmodzi. Kampani imodzi yaing'ono singakwanitse kulemba katswiri wakewake, koma makampani angapo ogula mbewu, eni esiteti ndi masitolo a zomangira atagwirizana angathe kulipira munthu mmodzi kuti azizungulira pa masiku oikika. Zipangizo zofunika si zambiri: chipinda chotsekeka, bedi lolimba kapena mphasa, ndi malo oti munthu ayendepo. Ubwino wake wina ndi wakuti katswiriyo amaona ntchito yeniyeniyo ndi maso ake, amaona thabwa lokwerera pa lole, kutalika kwa mulu wa matumba ndi mmene anthu amapotokera potsitsa katundu, zimene sangazione ali m'chipinda cha kuchipatala. Chofunika ndi kutsimikiza kuti munthuyo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi, chifukwa otikita thupi odzitcha madokotala achuluka m'matauni. Ndipo pa tsiku limenelo khomo likhale lotsegukira aliyense wogwira ntchito pabwalopo, wa mwezi ndi waganyu yemwe.

Pali chinthu china chimene chingaphe dongosolo lonseli ngati sichisamalidwa, ndicho chinsinsi. Wonyamula matumba amadziwa kuti akadziwika kuti ali ndi msana, dzina lake lingasowe pa mndandanda wa nyengo yotsatira, choncho amabisa mpaka tsiku limene alephera kudzuka pamphasa. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna, koma apa si manyazi okha, ndi mantha okhala ndi chifukwa. Zimene wodwala wauza katswiri ziyenera kuthera m'chipindamo. Akapitawo angouzidwa zimene munthuyo angathe kuchita ndi zimene sayenera kuchita, ndiponso kwa nthawi yotalika bwanji, osati dzina la matenda ake kapena mankhwala ena amene akumwa. Ngati anthu aona mnzawo mmodzi atachotsedwa ntchito atangochoka m'chipindamo, palibenso amene adzalowemo.

Eni kampani ena amadandaula kuti, "Akangomva kuti kukubwera dokotala wa msana, aliyense msana uyamba kumupweteka." Sindikana kuti alipo anthu ozemba ntchito, koma mafizo si malo abwino ozembera. Katswiri sauza munthu wa msana kuti akagone masiku ambiri, chifukwa kugona kwa nthawi yaitali kumafooketsa minofu n'kuchedwetsa kuchira. Amamupatsa zochita zotopetsa tsiku lililonse ndipo kawirikawiri amalangiza kuti abwerere ku ntchito msanga pa ntchito yopepuka. Pa malo ngati athu ntchito zotere zilipo: kuwerenga sikelo, kusoka matumba, kulemba chiwerengero cha katundu wolowa ndi wotuluka, kapena kuyang'anira poyanika. Munthu amene akusoka matumba kwa milungu iwiri akulandirabe malipiro ake ndipo kampani ikupindulabe naye.

Katswiri wabwino amadziwanso pamene vuto si lake. Msana wopweteka umene ukubwera ndi dzanzi pakati pa miyendo, kulephera kukodza kapena kudziletsa, kapena kufooka kwa miyendo kumene kukukulirakulira, ndi wofunika kuthamangira nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Wobwera ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda ungakhale chifuwa chachikulu cha m'mafupa a msana, chimene chimafuna mankhwala a TB osati kulimbitsa thupi. Mapiritsi a m'kabati ya akapitawo sangasiyanitse zimenezi.

Sindikufunanso kuti mafizo akhale chophimba cha ntchito yokonzedwa molakwika. Ngati thabwa lokwerera pa lole ndi lopapatiza ndi loterera, ngati matumba akusanjidwa kupitirira mutu wa munthu popanda makwerero, ngati munthu mmodzi akukakamizidwa kugubuduza belo loyenera anthu awiri, ndiye kuti katswiri azichiritsa Lolemba anthu amene adzavulalenso Lachisanu. Ngolo zamatayala zokankhira katundu, wilibala, nsanja ya simenti yofanana msinkhu ndi lole, madzi akumwa pabwalo ndi kusinthana pa ntchito yolemetsa, zonsezi ziyenera kuyendera limodzi ndi thandizolo, ndipo nthawi yabwino yozikonza ndi mwezi wa Malichi, misika isanatsegulidwe, pamene katswiri angaphunzitsenso aganyu atsopano kanyamulidwe asanasenze thumba loyamba.

Kwathu ku ntchito eni kampani anavomera zobweza ndalama za ulendo ndi kupereka ntchito yopepuka kwa amene abweretsa kalata. Pamene sitinagwirizanebe ndi pa aganyu olipidwa pa thumba: iwo akuti sangalipire tsiku limene munthu sananyamule kanthu, pamene ine ndikupempha kuti munthu wotere azipatsidwa ndalama zofanana ndi zimene amapeza pa tsiku wamba, potengera buku la malipiro la mlungu wapitawo. Nkhaniyi tidzaikambirananso pokonza bajeti ya nyengo ikubwerayi, ndipo ndayamba kale kulemba padera masiku onse amene anthu ajomba chifukwa cha msana, phewa ndi bondo, pamodzi ndi ndalama za ganyu zimene tinalipira olowa m'malo mwawo.